Musavulenso Nkhata Yanu, Achemwali

Achemwali anga a Tadala,

Kalata ngati iyi amayenera kulemba ndi adadi. Mwana akamachoka pakhomo kupita kubanja, kholo limamukhazika pansi n'kumuuza za kumene akupitako. Amayi akanakhala moyo, bwenzi atakutsekerani kuchipinda tsiku lonse, inu mukungoti eya, eya. Koma amayi kulibe, ndipo adadi ananena kale kuti alibe mawu. Ndiye ndalemba ndine. Ndikudziwa kuti ndine wamng'ono, kuti munkandisambitsa, kuti ngakhale sukulu sindinamalize. Sekani ngati mukufuna, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi chimene chandikwiyitsa. Dzana ndinakumvani muli pafoni ndi amuna anu a Keoni. Khoma la pakati pa zipinda zathu mumalidziwa, silisunga chinsinsi. Ndege yanu yopita ku Hawaii inyamuka mawa masana, koma inu mwaitanitsa takisi ya m'bandakucha, kuti adadi pobwera kuntchito yawo ya ulonda adzapeze mwapita kale. Mukufuna kukakhala pabwalo la ndege m'mawa wonse, pampando wozizira, chifukwa chothawa munthu mmodzi. Ine ndakana. Simunabe kanthu m'nyumba muno. Munakwatiwa dzuwa likuswa mtengo, ngati dzuwa la Glasgow lingaswe kanthu, ndipo muchoka masana, mutatsanzika.

Za kumene mukupitako ndikudziwa zochepa, ndipo zonse n'zokhudza nkhata za maluwa zovala m'khosi, zimene eni ake amati lei. Koma m'nyumba muno palibe amene anazimvetsera kuposa ine, poti nonsenu munali otanganidwa ndi kuyankhula.

Mukukumbuka kuti kutatsala tsiku limodzi kuti chinkhoswe chanu chichitike munandituma ku Partick, kumene apongozi anu anafikira, kuti ndikawanyamulire katundu? Katunduyo anali maluwa odzaza zidebe. Inu munkayesa kuti ndikasiya pakhomo n'kubwerera, koma ndinakhala mpaka madzulo. Mayi aja anatulutsa singano yaitali ngati sipoko ya njinga, imene anachoka nayo kwawo, n'kuyamba kubaya duwa lililonse pakati ndi kulitunga pa ulusi monga atungira mikanda. Sanandifunse za sukulu. Sanandifunse chifukwa chimene sindiyankhulayankhula, funso limene amayi a kutchalitchi sanatope nalobe. Anangondipatsa sizasi n'kunena kuti, "Dula apa."

Nkhata iliyonse inali ndi mwini wake isanayambe kutungidwa. Ankandifunsa kuti, "Amalume ako ndi munthu wotani?" Ndikayankha, ankasankha maluwa. Anandiuza kuti, "Ukamatunga uziganiza za mwini wake. Ngati wamukwiyira, siya kaye, ukamwe madzi." Atafika pa ya adadi anandifunsa chimene adadi amakonda. Ndinati wailesi ndi kukhala chete. Anaseka, nasankha maluwa oyera okhaokha, ndipo anachedwa nayo kuposa zonse. Singano inawabaya chala, anayamwa magazi n'kupitiriza.

Choncho langizo langa loyamba ndi ili. Munthu akakunyamulirani lei, musakane. Weramitsani mutu pang'ono, mulole akuvekeni. Sakukupatsani maluwa chabe, akukupatsani tsiku lake lonse limene anakhala pansi n'kumaganiza za inu. Ndipo mukavala, musavule iye ali pomwepo. Kaya ikukuyabwani, kaya kwatentha, pirirani mpaka mutasiyana naye. Achemwali, musavule.

Munaona zimene adadi anachita, koma munali kutsogolo ndi anzanu ofunditsidwa zitenje. Ine ndinali pafupi ndi zokuzira mawu, ndipo ndinamva zonse. Apongozi anu anaveka amalume, anaveka azakhali, kenako anaima pamaso pa adadi atakweza nkhata yoyera ija ndi manja awiri. Adadi anabwerera m'mbuyo mpaka mpando unalira.

"Alamu," anatero kwa amalume, "auzeni mayiwa kuti kwathu nkhata timaika pamanda. Ine ndikadali moyo."

"Alamu, anthu akuona," amalume ananong'oneza. "Valani basi, simufa lero."

"Valani ziwiri inuyo ngati mukuzifuna."

"Ine ndavala kale yanga, ndipo ndikupuma bwinobwino. Weramani."

Adadi anawerama ngati munthu amene akumumeta mokakamiza. Mayi aja anawaveka n'kuwapsompsona patsaya monga achitira kwawo, ndipo asanatembenuke n'komwe, adadi anainyamula ndi zala ziwiri, kuidutsitsa pamutu, n'kuiika pampando wopanda munthu. Amayi a mvano amene anayamba nthungululu anaimeza pakati. Apongozi anu anayang'ana pampando paja, anayang'ana chala chawo, n'kupita kukaveka wotsatira.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndipo inunso mukuchidziwa. Nkhata yomaliza imene adadi anagwira m'manja inali ya ku Ntcheu, pamanda a amayi. Ndinali wamng'ono, koma ndikukumbuka wotsogolera mwambo akuitana mayina a oika nkhata mmodzimmodzi, ndi mmene adadi anagwadira n'kulephera kudzuka mpaka amalume anawagwira m'khwapa. Nayonso inali yoyera. Zimenezi sindikuzikana. Koma chisoni chawo sichiwapatsa chilolezo chonyoza mayi amene anaoloka nyanja ziwiri kudzawalemekeza, ndiponso sichiwapatsa chilolezo chokhala miyezi yonseyi akukudutsani pakhonde ngati ndinu mlendo wa nyumba yoyandikana nayo. Usiku wa chinkhoswe anakuuzani kuti mwawabweretsera anthu owaveka za maliro ali moyo. Inu munati pepani. Munapepesa chiyani?

Tsopano ndinene chimene palibe anakuuzani. Inunso munavula. Adadi atangovula yawo, munawayang'ana, kenako munayang'ana apongozi anu, ndipo pamene anthu ankadzuka kukatenga chakudya munaichotsa yanu mwakachetechete n'kuiika pansi pa tebulo, pamwamba pa chikwama. Munkaganiza kuti palibe akuona. Ine ndinaona, ndipo apongozi anu anaonanso. Ya adadi inawapweteka, koma amalume anali atawamasulira mawu oti manda aja, ndipo anamvetsa pang'ono. Yanu ndi imene inawatulutsa panja. Anakaima pakhomo la holo, mvula ikuwaza, atavala diresi lawo lopyapyala lija, ndipo ndinawapititsira jekete langa.

Munavula kuti adadi asakhale okha. Ndikumvetsa. Mwakhala mukuchita zimenezi chimwalirire amayi. Adadi akapanda kudya, inunso simudya. Akazimitsa wailesi, inu mumayenda chonyang'ama. Koma kodi anakuthokozani? Munakhumudwitsa munthu amene amakukondani pofuna kusangalatsa munthu amene sanayang'ane n'komwe. Kumene mukupitako musakachite zimenezi. Mukakhala pakati pa anthu awiri, musamadzivule nokha kuti onse akhale bwino. Musavule, achemwali.

Kavalidwe kakenso kali ndi njira yake. Lei sailendewetsa kutsogolo ngati mendulo ya wothamanga. Imakhala pamapewa, theka kutsogolo, theka kumbuyo. Amalume anaikokera yonse pamimba, kenako atayamba kuvina anaizunguliza pamkono, ndipo pomaliza anakaipachika pagalasi la m'galimoto yawo pamodzi ndi kamtengo konunkhiritsa kaja. Nditawauza kuti satero, anati, "Iwe, ndinayamba kuvala tayi usanabadwe." A Keoni anaseka mpaka misozi, ndipo apongozi anu anasekanso. Apa ndinaphunzirapo kanthu. Kulakwitsa chifukwa chosadziwa anthu aja amakuseka n'kukukonzera. Chimene chimawapweteka ndi kukana. Ndiye musakaope kulakwitsa, ndipo musakayambe chiganizo chilichonse ndi pepani monga munkachitira tsiku lija. Munapepesa chifukwa cha mpunga, chifukwa cha mvula, chifukwa cha amalume. Ndinu mwana wa munthu, simukukapempha malo. Iwonso amalakwitsa zathu. A Keoni anawaitana adadi ndi dzina lawo lenileni tsiku loyamba, atapisa dzanja m'thumba. Mukawaphunzitse zathu monga iwo akakuphunzitsireni zawo, osatsitsa mawu.

Lei ikafota musaitaye m'bini. Izi ndinaziona kwa anti Nachisale, amene amayang'anira zosesa m'holo ya tchalitchi. Anthu atabalalika, anayenda tebulo ndi tebulo ndi thumba lakuda, akukokolola mafupa a nkhuku, mbale zapepala ndi nkhata zonse zimene anthu anasiya. Ya adadi inalowa momwemo, yanunso. Apongozi anu anapita pathumba paja, anagwada, n'kuyamba kuzitulutsa imodziimodzi, akupukuta msuzi ndi kansalu kawo.

"Mayiwa akufuna chiyani m'zinyalala?" anti anandifunsa. "Auze kuti chakudya chotsala tawapakulira kale."

"Akutenga maluwa awo, anti."

"Ofota omwewa? Koma azungu enawa."

"Si azungu, anti."

"Kaya ndi ndani, auze asandimwazire zinyalala."

M'mawa mwake ndinapita ndi apongozi anu kupaki ya kuno ku Dennistoun. Tinadula ulusi wa nkhata iliyonse, chifukwa ulusi umakola mbalame, ndipo maluwawo tinawamwaza patsinde la mtengo. Anandiuza kuti chimene chinachokera m'nthaka chimabwerera kunthaka. Ukhoza kuchipachika pamtengo, kuchikwirira kapena kuchiumitsa pawindo, koma osachiphatikiza ndi mafupa a nkhuku. Ya adadi anaigwira nthawi yaitali asanaidule. Ndinawafotokozera za ku Ntcheu, zonse. Anati kwawonso akufa amawapatsa lei, ndipo amuna awo atamwalira anakamwaza maluwa panyanja. Kenako anati, "Koma amuna anga ndinkawaveka chaka chilichonse ali moyo, ndiye ya tsiku lomaliza sinali yachilendo." Mawu amenewa sindinawauze adadi. Ndikuuza inu.

Yanga sindinavule. Ndinakwera nayo basi, ndinaisunga mufuriji, ndipo Lolemba ndinapita nayo kusukulu. Apa ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Nditaona anyamata a m'kalasi mwathu pamalo okwerera basi, ndinaibisa m'kati mwa jekete n'kukoka zipi mpaka m'khosi. Pofika kusukulu maluwa a kutsogolo anali ataphwanyika, atasanduka abulauni, ndipo fungo linandiulula ndisanakhale pansi. Ndinatsegula jekete. Mmodzi anakuwa kuti, "Wee man, kamwana iwe, wakwatiwa liti?" Wina anayamba kugwedeza chiuno pakati pa madesiki. Ndinamuuza kuti agwedeze bwino, mwina amupatsa yake. Anaseka tsiku lonse, ndipo tsiku lotsatira anali atapeza wina womuseka. Koma maluwa amene ndinaphwanya pobisa sanabwerere. Akanakhala panja akanangosekedwa basi. Muzikumbukira zimenezi mukafuna kubisa chinthu chabwino chifukwa cha maso a anthu.

Tsopano ndifike povuta. Ndikudziwa kuti mlongo sanena zimenezi kwa mchemwali wake, ndipo azakhali atamva akhoza kundikoka khutu. Koma azakhali ali ku Sighthill, ndipo kalata ino ndalemba ndine. Tsiku lija ku Partick apongozi anu anandiuza kuti pali nthawi imodzi yokha imene mkazi angakane lei popanda wina kukhumudwa. Mayi woyembekezera savala yolumikiza. Amati nkhata yozungulira khosi la mayi imakumbutsa mchombo wozinga khosi la mwana, ndiye yake amaisiya yotsegula, nsonga ziwiri zikulendewera kutsogolo. Kaya inu mukhulupirira kaya ayi, eni ake amasamala zimenezi.

Ine ndili ndi maso. Chibwererereni a Keoni kwawo, tiyi wamkaka munasiya. Ndikakazinga anyezi mumathawira kuchipinda n'kutsegula windo. M'thumba la jekete lanu muli mabisiketi a jinja, inu amene munkati amakoma ngati mankhwala. Sindinauze munthu. Koma mukakatsika ndege, abale awo a Keoni akabwera ambiri, aliyense ndi lei yake, ndipo si onse amene akudziwa. Musakaime pamenepo n'kumamwetulira ndi mantha. Mukanene. Akadula ulusi pomwepo n'kukuvekani yotsegula, ndipo akakondwa kuposa mmene mukuganizira. Chinthu chosangalatsa musachinyamule ngati mlandu.

Dzulo pochoka kusukulu ndinagula maluwa. Singano ija apongozi anu anandisiyira, mwina simunadziwe. Ndinatunga ndili kuchipinda kwanga inu muli kotsanzika anzanu ogwira nawo ntchito kuchipatala. Kawiri konse ndinasiya n'kukamwa madzi, chifukwa ndinali nditakukwiyirani pa nkhani ya takisi. Sindinaiyese m'khosi mwanga, poti lei ya munthu wina suyamba waivala iwe. Ndinayesera pajekete lanu lopachika kuseri kwa chitseko. Si yokongola ngati za apongozi anu, mbali ina maluwa athinana, mbali ina atalikirana. Nsonga zake sindinalumikize. Ndinaikulunga m'pepala lonyowa n'kuiika mufuriji, pashelefu ya pansi.

Lero m'mawa adadi pobwera kuntchito anatsegula furiji kufuna mkaka. Ine ndinali patebulo ndi yunifolomu yanga. Anaima nthawi yaitali chitseko chili chotsegula, mpaka furiji inayamba kulira.

"Limbani, ichi n'chiyani?"

"Ndi ya achemwali. Ndiwaveka mawa."

"M'nyumba mwanga?"

"Pakhomo. Ngati pakhomo pali povuta, pamasitepe. Masitepe ndi a tonse okhala m'nyumba zino."

Anandiyang'ana mmene amayang'anira akafuna kuti munthu atsitse maso. Sindinatsitse. Kenako anafunyulula pepala lija ndi chala chimodzi.

"Ndiye ntchito yako imeneyi? Sunamalize n'komwe. Nkhata yanji yosakumana?"

"Ndamaliza. Iyenera kukhala choncho."

"Chifukwa?"

"Mufunse eni ake."

"Ndikufunsa iwe."

"Si nkhani yanga, adadi. Mufunse mwana wanu. Anyamuka mawa, ndipo akufuna kuchoka inu musanafike."

Eya, ndinawauza za takisi. Kwiyani, mukakwiyire m'ndege. Adadi anatenga mkaka, anathira m'kapu, anaubweza. Asanatseke chitseko anaikoka nkhata ija kuichotsa kumbuyo, kumene zinthu zimaundana ndi kuzizira, n'kuiika kutsogolo. Kenako anapita kukagona. Sindikunena kuti asintha. Adadi ndimawadziwa, akhoza kubwera mawa n'kudutsa osayang'ana kumbali. Koma funso ali nalo, ndipo amene angaliyankhe ndinu nokha.

Ndiye mverani. Takisi ija muiuze ibwere mochedwa. Mawa ine sindipita kusukulu, aphunzitsi anene zimene anene. Masutikesi nditsitsa ndekha. Inu muvale bwino, mukhale pabalaza, mudikire kulira kwa kiyi pachitseko. Adadi akalowa muwapatse moni, mugwade ngati mukufuna kugwada, muwauze kuti mukupita. Ine ndibwera ndi nkhata, ndikweza ndi manja awiri, inu muweramitse mutu. Akafunsa chifukwa chimene ili yotsegula, muwauze ndi pakamwa panu kuti akhala agogo. Akakhala chete, mwatsanzikabe. Akatuluka m'chipindamo, mwatsanzikabe. Akanena za manda, musayankhe, ndipo musapepese.

Chimodzi chokha ndikukupemphani. Manja anu akayamba kukwera kupita m'khosi, monga anachitira tsiku lija, muwagwire. Ine ndikhala nditaima pomwepo, ndipo mwini wake wotunga ali pomwepo simuvula. Mutsike nayo masitepe onse, anthu a m'nyumba zino akuoneni, mukwere nayo takisi. Ikakafota mukaimwaze patsinde la mtengo wa kumeneko, ulusi mutachotsa.

Kalatayi ndiilowetsa pansi pa chitseko chanu ndikangofika kuchokera kulaibulale kuno. Musabwere kudzandinyengerera, chitseko changa ndikhoma. Tionana m'mawa pabalaza.

Ndine mlongo wanu wamng'ono, amene simunamupemphe malangizo,

Limbani